Ndalama Imatha, Chithunzi Chimatsala: Tikaphunzire ku Mbenje

Pali nkhani ina imene tonse tikuidziwa koma timaikamba monong'ona, monga mmene tinkakambira za ndale m'masiku a chipani chimodzi. Nkhani yake ndi ya malonda a zithunzi ndi makanema olaula pa intaneti. Ine monga munthu wokhala m'mbali mwa nyanja kuno ku Salima ndati lero ndiikambe poyera, pakuti mbewa ya manyazi idafera kuuna. Amene akuyembekeza ulaliki andikhululukire, guwa ndasiyira abusa ndi mashehe. Langa ndi funso limodzi lokha: pa malonda amenewa, ndani akuganiza za mawa, ndipo ndani akuganiza za lero lokha?

Mmene ndikuonera, pa msika umenewu pali magulu atatu. Pali eni makampani a kunja, amene ali ndi maloya ndi nkhokwe za ndalama zoti akapunthwa adzukire. Pali wogulitsa wa kuno kwathu, mayi kapena mnyamata, amene akuwerengera ndiwo za madzulo ano ndi lendi ya mwezi uno. Ndiye pali ife, boma ndi anthu ake, amene timadzidzimuka chithunzi cha wina chikawanda, n'kukuwa sabata imodzi, kenaka n'kugonanso. Mwa atatuwa, wopindula mukumudziwa kale.

Tiyambe taona kumene malondawa adakhwima. Ku London kuli kampani yotchedwa OnlyFans, imene idayamba mu 2016. Kayendetsedwe kake n'kosavuta kumva. Munthu amatsegula kagolosale kake pa intaneti n'kuikamo zithunzi zake, ofuna kuona amalipira mwezi ndi mwezi, ndipo pa madola 100 alionse kampani imatapapo 20. M'chaka cha 2023 anthu adalipira madola 6.6 biliyoni kudzera pa kampaniyi, pamene ogulitsa olembetsa adali oposa 4 miliyoni. Tengani pensulo muwerengere nokha. Mukachotsa gawo la kampani n'kugawa zotsalazo mofanana, aliyense akupata madola pafupifupi 1,300 pa chaka, ndiye kuti madola 100 ndi pang'ono pa mwezi. Komatu ndalamazo sizigawidwa mofanana. Anthu otchuka ochepa amakokolola zambiri, unyinji wotsalawo n'kumatola nyenyeswa. Kampani yokha ndiyo sigona ndi njala, poti imadya m'mbale ya aliyense.

Musaganize kuti akuluakuluwo sadapusepo ndi ndalama ya msangamsanga. Kampani ya MindGeek, imene inkayendetsa Pornhub kuchokera ku Montreal m'dziko la Canada, kwa zaka zambiri inkalola munthu aliyense kuponya kanema popanda kufunsa kuti wojambulidwayo ndani, ali ndi zaka zingati, adavomera kapena ayi. Kufunsa kukadachedwetsa phindu. Mu December 2020 mtolankhani Nicholas Kristof adalemba m'nyuzipepala ya New York Times kuti pakati pa makanemawo padali a ana ndiponso a anthu ogwiriridwa. Pasanathe sabata ziwiri, makampani a Visa ndi Mastercard adaleka kudutsitsa malipiro a tsambalo, ndipo eni ake adachotsa makanema mamiliyoni ambiri, oposa theka la onse amene adalipo. Mu 2023 kampaniyo idagulitsidwa n'kutenga dzina latsopano loti Aylo. Onani bwino pamenepa, awerengi. Kampani idasintha dzina n'kupitiriza malonda. Nanga wojambulidwa uja angasinthe nkhope?

Nayo OnlyFans idaonetsa ogulitsa ake kuti mwini munda ndani. Pa 19 August 2021 idalengeza kuti kuyambira pa 1 October sidzalolanso zolaula, ponena kuti mabanki akuivutitsa. Anthu amene adasiya ntchito zina n'kudalira pamenepo adangoti kakasi. Pa 25 August, patangotha masiku asanu ndi limodzi, kampaniyo idabweza mawu ake. Ena adaomba m'manja kuti apambana, koma phunziro lidatsala: wolima m'munda wobwereka sabzala mango.

Ku San Diego m'dziko la America kudali gulu lina lotchedwa GirlsDoPorn, limene linkanyengerera amayi achitsikana powauza kuti kanema wawo akagulitsidwa kwa anthu ochepa a maiko akutali, sadzafika pa intaneti, ndipo kwawo palibe adzadziwe. Lidali bodza lamkunkhuniza. Makanemawo adawanda, maina a amayiwo adaululika, ena adachotsedwa ntchito, ena adasiya sukulu. Mu January 2020 bwalo la milandu lidagamula kuti amayi 22 apatsidwe chipukuta misozi cha madola pafupifupi 13 miliyoni, ndipo mwini gululo, Michael Pratt, adalamulidwa mu 2025 kukakhala kundende zaka 27. Ngati ku America, kumene maloya ali mbwee, chilungamo chidatenga zaka zonsezi, kodi mayi wa ku Lifuwu kapena ku Chipoka akanamizidwa chimodzimodzi adzachipeza liti?

Wina anena kuti za ku London ndi ku San Diego zikutikhudza bwanji ife a ku Senga Bay. Abale anga, kuno malondawa safuna kampani. Foni yokhala ndi kamera, bandulo ya WhatsApp ndi nambala yolandirira ndalama, basi golosale yatseguka. Ndipo nthaka yake idali yolimalima kale. Gombe lathu ndilo lapafupi kwa anthu a ku Lilongwe, amene Lachisanu lililonse amatsika ndi magalimoto kudzapuma. M'madoko a nyanjayi mchitidwe wopereka thupi posinthanitsa ndi nsomba wakhala ukudandaulidwa kwa zaka zambiri. Anyamata ogulitsa ziboliboli akhala akudalira chikondi cha alendo kuyambira kale. Foni yangotenga msika umene udali pamchenga n'kuulowetsa m'thumba.

Onjezani apa mavuto a zaka zaposachedwa. Mu 2020 mliri wa Covid-19 udatseka zipata za dziko, alendo adasowa, ndipo ambiri ogwira ntchito m'malo ogona alendo adabwerera kumudzi chimanjamanja. Mu January 2021 amayi ochita malonda ogonana adayenda pamsewu mu Lilongwe kudandaula kuti kutseka malo omwera msanga kwawaphera msika. Mu May 2022 kwacha idachepetsedwa mphamvu ndi 25 pa 100 iliyonse, ndipo mu November 2023 ndi 44 pa 100 iliyonse. Mu 2024 nyanja idakwera n'kulowa m'malo ambiri ogona alendo, makamaka amene adamangidwa mosaganiza kuti madzi adzabwereranso kumene adachoka. Munthu amene wadutsa m'zonsezi mukamuuza za zaka khumi zikubwerazo, amakuyankhani kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Sindimunyoza. Njala siiwerenga kalendala.

Komabe ndikufuna munthu ameneyu amve kusiyana kwa katundu wake ndi katundu wina aliyense wa pagombe pano. Mayi akagulitsa chigoba cha usipa, usipawo wapita, wogula akadya watha, ndipo akaufunanso abwera kudzalipiranso. Chithunzi sichitero. Chimalipiridwa kamodzi, koma chimabereka ana osawerengeka, ndipo pa ana onsewo mwini nkhope salandira ngakhale tambala imodzi. Ndalama ija imatha Lolemba lisanafike. Chithunzi chimadikira. Chidzatulukira tsiku la chinkhoswe, tsiku lofunsira ntchito, tsiku limene mwana wako adzayambe kugwira foni. Nthawi zina wogula yemweyo ndiye amatembenuka kukhala wakatapila wa mtundu watsopano: tumiza ndalama, ukakana ndichitumiza kwa achibale ako. Ndipo poti gawo 179 la malamulo a milandu m'dziko muno limaletsa kupanga, kugulitsa ndi kufalitsa zolaula, wogulitsa akaberedwa amaopa kukadandaula, kuopa kuti womangidwa woyamba akhala iye.

Tisaiwalenso kuti ambiri mwa amene zithunzi zawo zikuyenda m'mafoni athu sadagulitse kanthu. Ndikudziwa mayi wina wochita geni ya nsomba amene mwamuna adamujambula ali pachibwenzi. Chibwenzi chitatha, mwamunayo adamwaza zithunzizo pofuna kubwezera. Mayiyo atapita kukadandaula ku ofesi ina imene sinditchula, funso loyamba limene adalandira lidali loti adaloleranji kujambulidwa. Geni yake idasokonekera, adasamuka pa doko limene adakhalapo zaka zambiri. Mwamuna uja akadali pompano, akumwa tiyi mwamtendere.

Apa ndiye pofika pa gulu lachitatu lija, ife ndi boma lathu. Nthawi zonse chithunzi chikawanda pamabuka mawu oti boma litseke, boma limange, boma libwezeretse mwambo wakale. Inu amene mudathawa m'dziko muno n'kukakhala zaka zambiri ku Lusaka, ku Dar es Salaam, ku Harare kapena ku London, mukudziwa bwino kumene njira imeneyi imathera. Mu 1968 kudakhazikitsidwa lamulo la Censorship and Control of Entertainments, lonena kuti likuteteza makhalidwe a mtundu wathu. M'zaka zake zisanu ndi ziwiri zoyambirira, bungwe loona za lamuloli lidaletsa mabuku oposa 800, ndipo ambiri mwa iwo adalibe chithunzi cholaula ngakhale chimodzi. Adalakwira kuganiza. Mu 1973 kudabwera lamulo la Decency in Dress, loletsa amayi kuvala buluku ndi masiketi aafupi, ngakhale kuti m'mahotela a alendo kuno ku nyanja lamulolo linkatsinzina. Lidachotsedwa mu 1993, chaka cha referendamu. Kodi zaka makumi awiri za lamulo limenelo zidatisandutsa anthu olemekeza amayi? Yankho tidaliona mu January 2012, pamene mavenda ena adavula amayi ovala mabuluku m'misewu ya Lilongwe ndi Blantyre.

Anzathu a ku Uganda adayesa njira yomweyi. Mu 2014 adakhazikitsa lamulo lothana ndi zolaula, ndipo zotsatira zake zidali zoti amayi adayamba kuvulidwa m'misewu, pamene ena amene zithunzi zawo zidabedwa ndiwo adatengedwa ndi apolisi. Mu 2016 akatswiri awiri a malamulo, Sarai Chisala-Tempelhoff wa kuno kwathu ndi Monica Twesiime Kirya wa ku Uganda, adalemba poyerekeza maiko awiriwa, ndipo adachenjeza kuti malamulo olimbana ndi zolaula amatha kulanga wolakwiridwa yemweyo. Mu August 2021 bwalo loona za malamulo aakulu a dziko la Uganda lidathetsa zigawo zikuluzikulu za lamulo lija. Zaka zisanu ndi ziwiri zidapita pachabe. Kumanga ndi kutseka nakonso ndi kuganiza za lero lokha: kumakondweretsa anthu pa msonkhano, koma pa mawa pake chithunzi chija chikadali m'mafoni.

Nanga kuganiza za m'tsogolo kumaoneka bwanji? Sitifunika kukwera ndege kuti tikakuone. Kumpoto kwa boma lino, m'dera la Mfumu Makanjira, kuli chilumba cha Mbenje. Kuyambira m'zaka za m'ma 1950, mafumu a kumeneko akhala akutseka chilumbachi chaka ndi chaka, kuyambira mu December mpaka mu April, kuti nsomba ziswane. Nthawi yotsegula ikakwana pamakhala mwambo pa gombe la Chikombe, malamulo n'kukumbutsidwa pamaso pa anthu onse. Maukonde a maso aang'ono saloledwa. Mowa, chamba ndi juga siziloledwa pa chilumbapo. Wophwanya lamulo amalipitsidwa kapena kupirikitsidwa. Pamene m'madoko ena tidasesa kasawala ndi maneti a udzudzu mpaka chambo chidasanduka ndiwo ya mabwana, utaka wa ku Mbenje ukadali wonona ndipo asodzi amachokera kutali kukaufuna.

Sindikunena kuti lamulo lililonse la pa Mbenje ndi lotamandika. Amayi saloledwa kuponda pa chilumbapo, ndipo m'dziko la demokalase imeneyi ndi nkhani yoyenera kukambirana. Chimene ndikutama ndi nzeru zitatu. Yoyamba, anthu a kumeneko adavomera kutaya phindu la miyezi inayi kuti ateteze la zaka makumi asanu ndi awiri. Yachiwiri, sadaletse usodzi, adauikira malire amene msodzi aliyense amawadziwa ndi kumvetsa chifukwa chake. Yachitatu, chilango chimagwera woononga nyanja. Palibe adamangapo utaka chifukwa chokodwa mu ukonde woletsedwa. Ife pa nkhani ya zithunzi timachita zosiyana ndi izi zonse: timanyoza wokodwayo, mwini ukonde n'kumamusekerera.

Tsono ndipereke maganizo anga. Poyamba, aphungu athu a Nyumba ya Malamulo aike m'malamulo mawu osapsatira oti kufalitsa chithunzi cha maliseche a munthu popanda chilolezo chake ndi mlandu waukulu, kaya adajambulidwa mwakufuna kwake kaya ayi, ndipo kuti wodandaula asatembenuziridwe mlandu. Tili kale ndi lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security la 2016, limene limaletsa zolaula zokhudza ana ndi kuzunza munthu kudzera pa intaneti, komanso lamulo la Data Protection la 2024. Maziko alipo. Ku South Africa lamulo lolanga ofalitsa zithunzi zotere lidayamba kugwira ntchito mu March 2022. Ku America lamulo la mu May 2025 limalamula makampani kuchotsa chithunzi chotere pasanathe maola 48 mwini wake akadandaula. Mabwalo athu adaonetsa kale kuti angathe kuona patali: mu 2016 Justice Zione Ntaba wa bwalo lalikulu ku Zomba adathetsa chigamulo chimene amayi 19 a ku Dedza adalandira pa mlandu wodya ndalama za uhule, pofotokoza kuti lamulolo lidapangidwa kuti liteteze amayi otere kwa owadyera masuku pamutu.

Chachiwiri, pa nkhani ya ana pasakhale kukambirana. Kuyambira mu 2017 malamulo aakulu a dziko lino amati mwana ndi aliyense wosakwana zaka 18. Wojambula mwana, wosunga chithunzicho ndi wochitumiza, onse ndi zigawenga, kaya ndi mlendo wolemera wa pa hotela kaya ndi mbale wathu. Wodziwa za mchitidwe wotere aimbe pa nambala yaulere ya 116. Kalembera wa 2018 adapeza kuti boma la Salima lili ndi anthu oposa 470,000, ndipo kuti pafupifupi theka la aMalawi onse ndi osakwana zaka 18. Ana amenewa akugwira foni asanauzidwe kuti foni siiwala. Aphunzitsi, anamkungwi ndi angaliba aonjezere mutu umenewu pa malangizo awo, pakuti m'mera mpoyamba.

Chachitatu, tisanamizane kuti ulaliki udzathetsa chimene njala idayambitsa. Mu January 2021 dziko lino lidakhazikitsa masomphenya a Malawi 2063, pambuyo pa Vision 2020 imene idatha zambiri zili papepala. Masomphenyawa amatchula zokopa alendo ngati imodzi mwa njira zotukulira chuma. Chabwino. Koma kodi khonsolo ya Salima ikudziwa kuti mwana wa msodzi wa ku Senga Bay adzagwira ntchito yanji zaka khumi zikubwerazi? Boma lino lili ndi fakitale ya shuga, lili ndi malo opangira magetsi a dzuwa a 60 megawatts amene adatsegulidwa mu 2021, lili ndi mpunga wa ku Lifuwu ndi doko la Chipoka. Foni yomweyo imene ikugulitsa maliseche ingathe kugulitsa nsomba zouma kwa wogula wa ku Lilongwe popanda mkhalapakati, ingathe kuitana alendo okaona zilumba za Maleri. Chosowa ndi maphunziro a ntchito zamanja ndi mpamba wosachokera kwa akatapila.

Chachinayi ndilankhule ndi inu amene muli kale m'malondawa, mopanda kukuweruzani. Ngakhale msodzi wosauka amadziwa kuti mwera udzabwera. Dzifunseni kuti mudzatuluka liti ndipo mudzatulukira khomo liti. Ndalama iliyonse imene mwapeza, gawo lina lilowe ku banki m'khonde kapena ku geni imene mungaitchule pamaso pa ana anu. Wokuuzani kuti chithunzi chithera pa iye yekha akunena bodza lomwe lija la ku San Diego. Ndipo amene akuopsezedwa adziwe kuti kuyambira mu 2021 pali njira yotchedwa StopNCII, imene munthu wamkulu amapangira chidindo cha chithunzi chake pa foni yake yomwe popanda kuchitumiza kwa wina, ndipo makampani monga Facebook, Instagram ndi TikTok amagwiritsa ntchito chidindocho potchinga chithunzicho.

Chomaliza ndi cha inu awerengi a m'tauni, chifukwa msika uliwonse umayenda ndi ogula. Ena mwa inu ndinu amene mumatsika Lachisanu ndi foni zodula. Ena muli m'magulu a pa WhatsApp a anzanu a kusukulu, a kuntchito, ngakhale a kumpingo, m'mene chithunzi cha mwana wa eni chimafika usiku, inu n'kuseka, n'kuchikankhira kutsogolo. Kudina kumodziko kumakutengerani kamphindi, koma wina kumamutengera moyo wake wonse. Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Chikakufikani, chifufuteni, ndipo wotumizayo mumuuze pagulu pomwepo kuti walakwa.

Pa 14 June 1993 aMalawi adasankha ufulu, ndipo amene adaumenyera, ena m'ndende, ena m'maiko a eni, adapirira zaka makumi atatu chifukwa ankaganizira ana amene adali asanabadwe. Ufulu umenewo sitingaubweze chifukwa choopa foni, ndipo ine ndikana aliyense wofuna kutibwezera ku masiku a kuletsa mabuku. Koma mtundu umene udatha kudikira zaka makumi atatu usalephere kuganiza kupyola Loweruka likubwerali. Akuluakulu adati sunga khosi, mkanda woyera udzavala. A ku Mbenje adasunga nyanja yawo ndipo mpaka lero akudya utaka. Nafe tisunge anthu athu.